Tomato mmodzi wa amayi

Ine ndimasema zithunzi pathabwa, koma makina osindikizira ndilibe. Ndiye kwa zaka zambiri ndakhala ndikukwera minibasi kuchoka ku Chawama kupita ku Matero, kwa bambo wina wachikulire amene amasindikiza makadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro. Kuseri kwa shopu yawo kuli makina akale opukusa ndi manja. Kusema ndi kwanga, inki ndi yawo. Timakangana ngati akazi apamitala, ine ndikufuna chakuda bii, iwo akuti ndikumiza pepala, koma sindingapite kwa wina.

Amayi atamwalira ndinawasema atakhala pamsika, mulu wa tomato uli patsogolo pawo. Nkhope yokha inanditengera mwezi wathunthu. Tinasindikiza makope makumi awiri, n'kuwayanika pachingwe ngati matewera, ndipo mtima wanga unali mbee.

Pantchito yathuyi, makope akakwana thabwa umalicheka mzere kuchoka ngodya ina kufika ina, kuti ogula adziwe kuti ena sadzatulukanso. Ndinali nditawalonjeza zimenezo. Nditaika mpeni pangodya ndinaona kuti mzerewo udutsa patsaya la amayi. Koma ine ndine wamakani, ndinangoluma mano kuti ndicheke basi.

Bambo aja anandigwira mkono. "Imwe, bamai banu munabaika kale m'manda. Manje mufuna kubacheka futi pankhope?"

"Batate, ni lamulo ya nchito. Ninalonjeza bantu."

"Lamulo ifuna chabe chizindikiro, siinakambe za nkhope. Nanga bamai banu benze kupasa mbasela pogulisa?"

"Masiku onse," ndinayankha.

Anatenga chosemera changa n'kugoba tomato wapamwamba pa mulu uja, yemwe amayi ankawonjezera kwaulere kwa wogula ngati mbasela. Tinasindikiza pepala limodzi loyesera. Pamalopo panatsala dzenje loyera, loti aliyense angaone kuti thabwa lasintha, koma amayi anali bwinobwino, akuyang'ana makasitomala awo. Lonjezo langa linakwaniritsidwa, ndipo ndinamasuka mpaka ndinaseka.

Kenaka bambowo anatola kachidutswa kaja pansi, n'kukapemerera fumbi, n'kundiika m'dzanja. "Tengani mbasela yanu."

Apo m'pamene misozi inabwera. Ubwana wanga wonse ndinkapempha amayi tomato wapamwambayo, iwo n'kumandikalipira kuti mbasela ndi ya ogula, osati ya mwana wapakhomo. Tsiku limenelo amayi anandipatsa.