Maovololo a Nathovu

Ukaona manja a Nathovu sungafunsenso ntchito imene anakulira. Ndi otuwa, ong'aluka m'zala, ndipo mpaka lero amamveka kafungo ka sopo. Dzina lenileni ali nalo, koma linasungunukira m'beseni kalekale. Kuyambira utsikana wake ankachapa zovala za anthu: mabulangete a eni mashopu, matewera a ana a aphunzitsi, mashati a anyamata osakwatira. Mwamuna wake amakonza njinga pansi pa mtengo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

Mwana wawo womaliza atayamba sukulu, pafupi ndi msewu waukulu panamangidwa fakitale ya zidebe ndi mabeseni a pulasitiki. Wayilesi inalengeza kuti boma laikhululukira kampaniyo misonkho kwa zaka zingapo, chifukwa yalonjeza kulemba ntchito anthu ankhaninkhani. Nathovu anasangalala osati pang'ono. Sankafuna ulemerero ayi. Ankangofuna ntchito yoti ukadzuka m'mawa udziwe kumene ukupita, osati kuyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati kuli zakuda.

Koma m'fakitalemo munalowa makina odzidalira. Uku akumeza timibulu ta pulasitiki, uku akulavula zidebe, osapempha ngakhale madzi akumwa. Anthu olembedwa anali oti onse n'kukwana m'minibasi imodzi. Otsalawo ankaima pageti, kapitawo n'kumawauza kuti, “Bwerani mawa.” Anawanena mawuwa mpaka anthu anangomutcha a Mawa.

Tsiku lina a Mawa anatulukira pamsika okha, nkhope ili mwee. Anasonkhanitsa onyamula katundu, amayi ogulitsa makala, ndi Nathovu yemwe. Anati kukubwera alendo a boma kudzaona ngati kampani ikusunga lonjezo. Aliyense anapatsidwa ovololo ya buluu, magambutsi ndi chipewa cholimba, n'kuimikidwa pafupi ndi makina atagwira chidebe.

“Akakufunsani, munene kuti mumagwira ntchito muno,” anatero a Mawa. “Ndipo musakhudze batani lililonse, chonde.”

Alendo anabwera, motsogozedwa ndi mayi wina wa magalasi wochokera ku ofesi ya misonkho. Anayenda, anawerenga mitu, anagwedeza mutu. Wojambula wa kampani anamukonda Nathovu chifukwa cha mpata wa m'mano ake, namuuza kuti amwetulire. Madzulo aliyense anavula, analandira botolo la zoziziritsa kukhosi ndi chidebe chimodzi, basi ntchito yatha. Nathovu anawonjezeredwa ganyu: kuchapa maovololo onsewo, kusita, n'kukawabweza.

Zinayenda choncho chaka ndi chaka. Pageti anakhomapo chikwangwani chachikulu, pamenepo Nathovu ali mu ovololo, akumwetulira, pansi pake atalemba kuti kampaniyi yabweretsa ntchito. Iye ankadutsa pansi pa nkhope yakeyo atasenza mtolo wa zovala za anthu. Anzake ankamuseka kuti, “Abwana, mwaweruka kale?” Ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa kwambiri. Chinkamupweteka koposa chinali chakuti maovololowo sankatha. Ankabwera opanda dontho la mafuta, opanda thukuta lenileni, mawondo ali gwa ngati a m'sitolo. Munthu amene wachapa moyo wake wonse amadziwa chovala chimene chagwira ntchito.

Chaka china, alendo atapita, Nathovu anayanika maovololowo kuseri kwa nyumba, chingwe mpaka kulendewera. Anaima n'kumawayang'ana akuvina ndi mphepo, manja ndi miyendo zili balala, mkati mulibe munthu. Atauma anawasita bwinobwino, koma sanawamange mtolo wopita kufakitale.

“Amayi, mwati mutani nawo?” anafunsa mwamuna wake, sipanala ili m'manja.

“Ndikawapatsa eni ake.”

“Eni ake si kampani?”

“Eni ake ndi amene anawerengedwa atavala. Boma likudziwa kuti ine ndili pantchito, abambo. Ndine ndekha amene sindinauzidwe.”

“Atimangitsa awa! Komanso ganyu yomweyi ikutherani.”

“Ikatha ndidzachapa malaya anuwo, muzindilipira inu.”

Bamboyo anapukusa mutu. Koma madzulo ake ndi iye amene anamanga maovololowo pakaliyala ya njinga, n'kumayenda naye khomo ndi khomo, akung'ung'udza njira yonse.

Lolemba m'mamawa gulu la buluu linafika pageti. A Mawa atatuluka anangoti kukamwa yasa.

“Iwe Nathovu, alendo adapita kale. Ukutani ndi katundu wa kampani?”

“Tabwera kuntchito, akapitawo. Pepani tachedwa zaka zingapo.”

A Mawa anaopseza za apolisi, anatseka geti ndi loko. Nathovu sanatukwane munthu, sanaponye mwala. Anangokhala pansi, pansi penipeni pa chithunzi chake, enawo n'kukhalanso. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi. Dzuwa linawaphika, mvula inawanyowetsa. Ena anagwa ulesi n'kubwerera ku makala awo, ndipo palibe angawanene, pakuti ana kunyumba sadya chilungamo. Nathovu naye anataya makasitomala awiri amene anatopa kudikira mabulangete awo. Panali m'mawa wina pamene anavala ovololoyo misozi ili m'maso, akudzifunsa ngati sanapusitse anthu.

Amene anathandiza osadziwa ndi makondakitala a minibasi. Poona anthu a buluu tsiku ndi tsiku, anayamba kukuwa kuti, “Otsika pa Maovololo!” Dzinalo linagwira, linayenda m'tauni monse, mpaka linakalowa m'makutu a mayi wa magalasi uja. Anabwera osalengeza, pa minibasi, n'kutsikira pa Maovololo pomwepo.

A Mawa anathamangira kugeti, limodzi ndi bwana wamkulu amene anthu ankangomuonera m'galimoto. Mayiyo anayang'ana chikwangwani, anayang'ana Nathovu.

“Mayi, si inu munandiuza kuti mumagwira ntchito muno?”

Apa Nathovu akanatha kuulula zonse, kampani n'kulangidwa, mwina n'kutseka, onse n'kubwerera kumsika atapambana mlandu koma ali manja lende. Iye sanadzere mlandu. Anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo.

“Ndife amene, mayi. Munatiwerenga nokha. Tikungodikira kuti akapitawo atitsegulire.”

Mayiyo anatembenukira kwa bwana. “Ndi antchito anu awa, kapena si anu? Ngati si anu, tiyeni tikakambirane za misonkho ya zaka zonsezi.”

Bwanayo anayang'ana a Mawa ngati kuti ndi iwo anayambitsa kampani. Kenako anati, ndi mawu a munthu amene akuzulidwa dzino, “Ndi athu. Panangokhala kusamvana pa za mashifiti.”

“Ndiye tsegulani,” anatero mayiyo. “Ndizibwera pafupipafupi, ndipo sindizinena tsiku.”

A Mawa anatsegula loko uja. Geti litatseguka, amayi a makala anaimba nthungululu mpaka agalu a m'fakitale anathawa. Nathovu analowa patsogolo, magambutsi akulira phwa phwa, ndipo mwamuna wake, amene anabisala kuseri kwa minibasi, anamveka akuuza munthu wosamudziwa kuti, “Akazi angatu amenewo!”

Tisanamizane, si onse analowa. Amene anatopa msanga anauzidwa kuti abwere mawa, ndipo zimenezi zimamudyabe Nathovu. Koma olowawo ntchito inapezeka, yoti inalipo kale: kuchotsa zotsalira m'milomo ya zidebe, kulowetsa zogwirira, kulongedza, kukweza m'malole. Kale zonsezi ankazikankhira anthu ochepa aja mpaka misana kuthyoka. Akuluakulu pawayilesi amatsutsanabe ngati kukhululukira makampani misonkho kumabweretsa ntchito. Nathovu akafunsidwa amangoti, “Kaya kwina. Kuno inabwera titaikhalira pansi.”

Iye ali pa tebulo lolowetsa zogwirira, ndipo zala zake zozolowera kufinya mabulangete sizichedwa. A Mawa masiku ano amamutchula kuti “mayi”, ngakhale mawuwo amatuluka mokakamira.

Mwezi wathawu ovololo yake inang'ambika pachigongono, ndipo pamawondo yayamba kuyera. Mwana wake wamkazi anatenga singano kuti asoke, koma Nathovu anamuletsa. Anaichapa Loweruka, yokhayo, m'beseni lonse lija. Sanakayanike kuseri. Anamanga chingwe kutsogolo kwa nyumba, kumene kumadutsa anthu opita kumsika, n'kuitembenuza kuti chibowocho chiyang'ane kumsewu.