Jezi Imene Ndinabisa

Ine mpira unandilowa m'magazi ndili wamng'ono, ndikuumvera pa wailesi ya bambo anga ku Ndirande. Timu ya dziko lathu yandiliza kambirimbiri, koma sindinaisiyepo. Timachinya chimodzi n'kuyamba kuvina, kenaka anzathu n'kutibwezera ziwiri mpira uli pafupi kutha. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene sindinachizolowere n'kuona mnzanga akusangalala ine ndili duu.

Ku Ireland kuno ndinabwera kudzaphunzira, ndipo nditamaliza ndinapeza ntchito pa kampani yojambula mapulani a nyumba. Recession, kugwa kwa chuma kuja, itafika anthu anasiya kumanga, kampani ija n'kutseka. Mkazi wanga ndiye ankalawirira kukakwera sitima ya ku tauni, kukasamalira okalamba. Ine ndinkatsala pakhomo ku Balbriggan, kulemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Ulova ndi woipa, abale. Ndinafika poonera ngakhale baseball, masewero a ku Amereka omenya kampira ndi chibonga aja, n'kumakalipira osewera pomwe malamulo ake sindinkawadziwa n'komwe.

Chimene chinanditsalira chinali mwana wathu wamkazi. Ndinkamuperekeza ku sukulu, masana n'kukamutenga, ndipo mpira tinkaonera limodzi. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi ngati ana onse okulira kuno. Chaka chimene timu yathu inafika ku mpikisano wa mayiko a mu Africa, titakhala zaka zambirimbiri osapondako, tinapambana masewero oyamba ndi zigoli zitatu kwa duu. Ndinamunyamula mwanayo paphewa n'kuzungulira naye m'khitchini. Masewero awiri otsatira anatikwapula, timu n'kubwerera kwathu, koma iye anandisisita pamutu n'kunena kuti, "Next time, adadi." Ndinadziwa kuti ndapeza sapota mnzanga, wa magazi anga.

Ku khomo loyandikana nafe kunkakhala bambo wina wa ku Zambia, namwino pa chipatala china m'tauni. Anali munthu wabwino, ndisaname, ndipo ubwino wakewo ndiwo unkandinyansa. Ntchito yake sinagwedezeke. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni ali m'galimoto, ine ndili mu masilipasi ndikutulutsa bini. Patapita zaka ziwiri timu yathu sinapite n'komwe ku mpikisano uja, yawo n'kukatenga chikho. Chikho chenicheni! Anatiitana kuti tikaonere fainolo kwawo. Ndinapita, ndinawomba m'manja ngati munthu. Penate yomaliza italowa, mwana wanga analumphira pakhosi pa mwini nyumba, osati panga.

"Aneba, musadandaule," anatero bamboyo akundigwira paphewa. "Chikho ichi n'chathu tonse. Si ndife amodzi?"

"Eya, achimwene, mwatiimirira," ndinayankha. Koma mumtima ndinati, amodzi pati? Mukanaluza mukanatigawira manyaziwo?

Sukulu za kuno zili ndi mwambo wake: tsiku lina ana amasiya yunifolomu n'kuvala jezi ya timu imene amaikonda. Kalata yonena za tsikulo itabwera, ndinatulutsa jezi yanga yofiira ya kwathu. Ndinaichapa, ndinaisita, n'kuipinda m'munsi ndi mapini kuti imukwane mwanayo, amene tsopano anali ndi zaka eyiti. Lachinayi madzulo analowa akudumphadumpha, m'manja muli jezi yobiriwira ya saizi yake yeniyeni.

"Ankolo andipatsa!" anatero, kutanthauza aneba aja. Anati aphunzitsi amuuza kuti mawa akaime kutsogolo, akafotokozere anzake za akatswiri a mu Africa.

"Nanga iyi, mama?" ndinafunsa nditakweza yofiira ija.

Anaiyang'ana, mapini ndi zonse. "Koma adadi, timu yanuyo siwina."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo nsanje inandigwira. Ntchito ali nayo, galimoto ali nayo, chikho watenga, tsopano akufunanso mwana wanga? Mwanayo ali m'bafa, ndinatenga jezi yobiriwira ija n'kuiponya kuseri kwa thanki ya madzi otentha, mu kabati yowumitsiramo zovala. Bambo wamkulu ine, wa madigiri awiri! Ndinkaganiza kuti ikasowa avala yanga basi.

M'mawa mayi ake anali atapita kale ku ntchito. Mwana anakhuthula madirowa onse, anasuzumira pansi pa bedi, uku akulira. Ine osachita manyazi ndinkathandiza kufuna, mpaka kukweza makushoni.

"Nthawi yatha, mama. Ingovala yofiirayi."

Anasiya kulira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga yunifolomu yake yotuwa n'kuvala. Njira yonse ya ku sukulu sanandigwire dzanja. Pa geti ana anali piringupiringu, ena mu jezi za buluu za Dublin, ena zobiriwira, ena zofiira za matimu a ku Mangalande. Wotuwa anali iye yekha. Analowa osacheuka, ine n'kuima pamenepo mpaka belu linalira.

Masana ndinaitulutsa jezi ija, ndinaikung'untha fumbi, n'kuiika pa bedi pake. Ndinali nditakonza bodza loti inangogwera kuseri, koma atandiyang'ana bodzalo linandithawa.

"Ndine ndinaibisa, mwana wanga. Pepa."

Anaipinda bwinobwino n'kutuluka, ndipo ndinamumva akugogoda pa khomo la aneba. Anabwerako chimanjamanja.

Mayi ake atafika n'kumva nkhani yonse, sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti, "Bambo, mwakula chabe," n'kupita kuchipinda kwa mwana. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo ine ndinaima pa masitepe ndikumvetsera. Ndinamva akumunyengerera kuti akaitengenso jeziyo, ndi mphatso, adadi apepesa kale.

"Sindikuifuna," anatero mwanayo. "Yofiiranso sindikuifuna. Mpira umawasandutsa adadi munthu woipa."

Lero ndi mtsikana wamkulu, amakhala payekha ku Drumcondra. Amandiimbira foni, timaseka, timakamba za ntchito ndi za mvula. Kuchokera tsiku lija sanaonerenso mpira, wa timu iliyonse, ndipo aneba aja analibe nazo mlandu.