Ndinalonjeza Alendo Kuti Akaponda Mbenji

Chaka chimene mpingo wathu unachititsa msonkhano wa achinyamata a m'maiko osiyanasiyana ku Senga Bay, ine ndinali woyamba kulembetsa kuti ndikathandize. Anandipatsa tisheti ndi kabaji kolendewera m'khosi, ntchito yanga kuperekeza alendo ndi kuwatanthauzira. Kabaji kameneko kanandilowa m'mutu. Ndinkavala ngakhale popita kukagula tomato.

Tsiku lachitatu, mtsogoleri wa gulu langa, mnyamata wa ku Kenya wokonda kulamula, anati akulakalaka kukapemphera pachilumba. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinayankha m'Chingerezi changa cha kusekondale kuti mchimwene wanga ali ndi boti la injini, amasodza ku chilumba cha Mbenji, ndipo mawa lomwe tikagwada pamiyala ya kumeneko. Anandiombera m'manja, ine kumva kukoma.

Chimene sindinawauze n'chakuti pa Mbenji sipaponda mkazi. Mowa, chamba ndi njuga nazonso n'zoletsedwa, ndipo msodzi wophwanya lamulo amathamangitsidwa pachilumbapo. Achimwene anga amadyetsa ana anayi ndi mayi athu ndi utaka wa pamenepo, alibe munda wodalirika kapena ntchito ina. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili kamwana. Koma m'gulu lathu la anthu asanu ndi atatu munali atsikana atatu, ine wachinayi, ndipo ndinachita manyazi kuuza anthu onyamula Mabaibulo a zipi kuti kwathu kuli malo oletsa akazi. Ndinaopa kuti atiyesa anthu a mumdima.

Achimwene ndinawauza zina pafoni.

"Tingozungulira chilumba, achimwene, aone mbalame, tibwerere. Palibe wotsika."

"Ukunena zoona, iwe?"

"Mukundiyesa mwana kodi?"

Ndinkaganiza kuti zikafika povuta, nzeru ibwera yokha. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinali ndi baji.

M'mawa tinakwera minibasi kudutsa pa Khombedza mpaka kudoko kumene achimwene ankatidikira. Anayang'ana atsikanawo, anayang'ana ine. Titafika pakati pa nyanja, mwera unayamba kukankha. Alendo amene ananyamuka akuimba anakhala chete, aliyense atagwira thabwa. Mtsikana wina wa ku Chipata, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi kumsonkhano, anayamba kusanza. Anasanza tiyi, anasanza buledi, kenako ankangosanza ndulu, milomo itatuwa.

Chilumba chinayandikira mpaka tinayamba kuona zisakasa za asodzi ndi utaka woyanika. Amuna amene ankasoka maukonde anaimirira mmodzimmodzi. Anali ataona mipango kumutu kwathu. Achimwene anachepetsa injini n'kuyamba kukhota kuti azungulire.

"Bwanji sakukocheza?" anafunsa wa ku Kenya uja. "Mnzathu akufunika kutsika, sukumuona?"

"Akuti chiyani ameneyo?" anafunsa achimwene.

Ine amene ndinatanthauzira maulaliki masiku atatu osapumira, apa lilime linauma. Mnyamatayo anaimirira, boti linapendekeka, akuloza mchenga ndi kukuwa kuti ndinalonjeza. Achimwene sadziwa Chingerezi, koma chala choloza mchenga sichifuna womasulira.

"Unawauza kuti atsika?"

Ndinazolika.

"Ndikufunsa iwe! Unawauza kuti atsika?"

Kumtunda bambo wina wachikulire analowa m'madzi mpaka m'mawondo, akuitana dzina la achimwene ndi kukupiza dzanja kuti bwererani. Ena anayamba kusonkhana kumbuyo kwake. Poti injini inali pansi, mafunde ankatikankhira komweko pang'onopang'ono. Ndinayamba kuona miyala ya pansi pa madzi.

"Mkazi mmodzi akangoponda mchenga uwo," anatero achimwene, mawu ali pansipansi, "ine pano basi kwatha. Ana anga ukawadyetsa ndiwe. Auze anthu akowa."

Apa m'pamene ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira. M'malo mowauza alendo zoona, ndinati, "Achimwene, mphindi zisanu zokha, mwina akamva kuti ndi wodwala atikhululukira."

Anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire.

Ndinali nditaiwala kuti anthu a ku Chipata amamva zonse zimene timalankhula. Mtsikana wodwala uja anadzutsa mutu, anapukuta pakamwa ndi chitenje, n'kunena m'chilankhulo chathu chomwe, "Amalume, tembenuzani boti. Kusanza sikupha munthu."

Kenako, akupuma movutikira, anafotokozera anzake m'Chingerezi zonse zimene ine ndinabisa: lamulo la pachilumba, ndi chimene chikanawachitikira achimwene. Ntchito ya baji yanga anaigwira munthu wosanza.

Wa ku Kenya anakhala pansi msangamsanga. Ndinkadikira kuti aseke, kapena ayambe kudzudzula mizimu, monga ndinkaopera. Iye anangondifunsa, "Bwanji sunatiuze? Tikanapemphera m'boti momwemu. Mulungu sadikira mchenga." Anapempha kuti ndipepese kwa achimwene m'malo mwa gulu lonse. Zimenezo ndinatanthauzira.

Achimwene anakweza injini, boti linatembenuka, bambo anali m'madzi aja anatsitsa dzanja. Ulendo wonse wobwerera mtsikanayo anagoneka mutu pamiyendo panga. Anasanzira tisheti ndi baji yomwe, ndipo sindinapukute.

Padoko alendo anatsika n'kupita kukafuna mthunzi. Ine ndinatsala, achimwene akukapa madzi m'boti ndi chigubu chodula.

"Pepani, achimwene."

Anapitiriza kukapa. Ndinkafuna andikalipire, andinyoze pamaso pa anthu, kuti mwina mtima ungapepuke. Koma atawongoka analankhula mofatsa.

"Alendo ako amva lamulo lathu, palibe waseka. Wochita manyazi unali iwe wekha. Tandiuza, mlongo wanga, manyaziwo anali a chilumba kapena a ine?"

Ndinayang'ana malaya awo ong'ambika paphewa, manja awo osweka ndi zingwe za ukonde, ndipo ndinakumbukira kuti m'mawa uja, pokwera boti, alendo sindinawauze kuti awa ndiwo achimwene anga aja. Anandipatsira chigubu, ndinalowa m'boti n'kuyamba kutsuka masanzi.