Chaka Chimene Mlongo Wanga Ankasanza Zobiriwira

Kasupuni kaja ndimakakumbukirabe. Kanali kachitsulo, kopindika pakhosi, ndipo abambo anakatumiza kuchokera kumigodi katakulungidwa m'bulangete. Pakhomo pathu panalibe wina wodyera supuni koma mlongo wanga wamng'ono, chifukwa iye phala ankalimwa pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, masiku a Chitaganya. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, iye zitatu. Chibadwire anali ndi matenda obwera n'kupita. Ankatha milungu akusewera bwinobwino, kenako tsiku lina n'kudzipinda pamphasa, mawondo pachifuwa, n'kuyamba kusanza zobiriwira ngati madzi ophikira chisoso. Pakapita masiku awiri ankadzuka n'kupempha mbatata ngati palibe chachitika.

Anali mwana wa nthabwala. Ankakwera kumsana kwanga n'kundigwira makutu, ati ndine njinga ya amalume, ndipo akapotoza khutu lakumanja ndinkayenera kukhotera komweko, ngakhale kukhale khola la mbuzi. Ndinkathamanga naye mpaka kudambo osapuma, ndikunyadira mphamvu zanga. Lero, nditalera ana anga, ndikudziwa kuti mwana wa zaka zitatu sayenera kupepuka chomwecho.

Chaka chimenecho matenda anabwera tikukumba nsawa, ndipo sanapite. Tsiku lachitatu ngakhale madzi ankabwerera. Milomo inauma n'kung'ambika, maso analowa, kuthengo osapita. Anamumwetsa mizu yamitundumitundu, koma nayonso inabwerera. Azakhali, alongo awo a abambo, anafika kuchokera kwawo n'kukhala pakhonde tsiku lonse, nkhope ili gwa.

Amene anadula nkhani ndi amalume, alongo awo a amayi. Anamuyang'ana mwanayo kanthawi, n'kunena kuti, "Uyu ndi mbumba yanga. Sindimudikira afere pamphasa. Mangani katundu, tikupita ku Katete."

Amayi anakwera panjinga atabereka mwana, amalume akukankha, ine ndi azakhali tikutsatira pambuyo mpaka kumsewu waukulu. Ananditenga kuti ndizikatunga madzi ndi kutola nkhuni. Tinakwera lole yonyamula matumba a nsawa. Ndimakumbukira fumbi lofiira m'mano, mphepo yozizira ikuluma makutu, ndi kaphazi kake kakulendewera pansi pa nsalu ya amayi, kakugwedezeka ndi mabampu ngati kopanda mwini.

Kuchipatala cha amishoni dokotala wachizungu anamusisita pamimba, n'kuyang'anitsitsa nsalu imene anasanzirapo. Bambo womuthandiza, amene ankamasulira, anatiuza kuti matumbo atsekeka ndipo ayenera kumung'amba tsiku lomwelo, komanso kuti mwana wofooka chotero mwina sadzuka. Amayi anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi, kenako anavomera ndi mutu.

Tinadikira pansi pa mtengo wa mango dzuwa likupendeka. Amayi sanalire. Anangondigwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandisiyira tizizindikiro, ndipo ine sindinadandaule, poganiza kuti nanenso ndikugwira ntchito ina yake yofunika.

Mlongo wanga anadzuka. Anagona masiku angapo ali ndi kapaipi m'mphuno, osaloledwa kudya kanthu, akundiyang'ana mokwiya ngati ndine ndinabisa phala. M'mawa wina anatulutsa mpweya, phokoso laling'ono zedi. Namwino anawomba m'manja, amayi a pabedi loyandikana analuluta, ndipo amayi anga, amene ankatimenya tikachita zimenezo pagulu, anagwada pasimenti akuseka misozi ili chuchuchu. Alipo mpaka lero mlongo wangayo, ali ndi zidzukulu, ndipo chipsera chachitali chija amachionetsa kwa aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Tsiku lotuluka, bambo womasulira uja anatikhazika pabenchi. Anati mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi ake, matumbo ake amatembenuka n'kukhazikika m'malo mwake. Matumbo a mlongo wanga sanamalize kutembenukako, ndipo kachingwe ka mnofu kanapingasa thumbo n'kumalifinya. Masiku ena chakudya chinkadutsa, masiku ena ayi. Anati n'zosowa kwambiri, iye chiyambire ntchito anali asanazionepo.

"Ndiye kuti anabadwa nacho?" anafunsa amayi.

"Anabadwa nacho, mayi."

"Palibe anamuchititsa?"

"Palibe. Ngakhale inu simukanachidziwa."

Amayi anatembenuka n'kukodola azakhali, amene anaima chapatali. "Alamu, tasenderani. Bambo, tabwerezani zija, amve ndi makutu awo."

Bamboyo anabwereza. Azakhali anamasula mpango wawo n'kumufunditsa mwana, ndipo ulendo wonse wobwerera anamubereka iwowo.

Ine ndinachita manyazi. Ndinkaona ngati amayi akuvutitsa munthu wophunzira pomufunsa chinthu chimodzi kawirikawiri. Sindinkadziwa kuti kumudzi anthu ankanong'onezana za mdulo, kuti mkazi amene mwamuna wake ali kumigodi akayenda ndi wina, mwana ndiye amadwala. Sindinkadziwa kuti kalata inali italembedwa kale kupita kwa abambo, kapena kuti ukwati wa makolo anga unagona pabedi lomwe lija pamodzi ndi mlongo wanga. Ndinangoona kuti amayi, amene ankayenda chozolika chaka chonse, madzulo a tsiku limene tinabwerera anapita kuchitsime kudzera pakati pa mudzi, akupereka moni khomo ndi khomo, ndipo ndinakwiya nawo chifukwa njira yachidule inali kuseri kwa nkhokwe.