Mkaka wa ng'ombe ya amalume wagoneka Amina kuchipatala

Mwaswera, abale.

Amina, mwana wa achemwali a Rosa, amugoneka kuchipatala ku Insaca. Wakhala akutsegula m'mimba masiku anayi, ndipo lero amuika soro, madzi olowera pamkono aja. Anamwino ati mankhwala oyamba sanagwire, mwina tizilombo toyambitsa matendawa tinawazolowera kale. Atafunsa zimene mwana amadya, achemwali atchula mkaka wosawiritsa wa kwa amalume a Saide.

Ndapalasa njinga mpaka kukhola kwawo. Ng'ombeyo yatupa bere. Amalume akhala akuimwetsa makapisozi omwa anthu, ogula pamsika, n'kumaikamabe tsiku lililonse. Kansalu kosefera mkaka ndakaona ndi maso angawa, kali mafinya okhaokha ndi timagazi.

Ndawauza kuti aziwiritsa. Akuti mkaka ukawiritsidwa ng'ombe imauma bere. Kenako akuti, "Iwe wothawa sukulu undiphunzitse ine?"

Sukulu ndinathawadi, koma mafinya ndimawadziwa.

Mawa akufuna kutumiza botolo lina la mkakawo kuchipatala, ati mwana apeze mphamvu. Ine ndikalikhuthulira pansi iwo akuona. Amayi, amenewa ndi alongo anu. Muwaletsa nokha, kapena mwanowo ndichite ine?