Ndinaopa kutsutsa azakhali, impso za mayi zinafera ku Makka

Inu owerenga, manyazi anga ndiwo anapweteketsa mayi anga, ndipo amene anawasocheretsa sindinawakhululukire mpaka lero.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, kwathu ndi ku Milepa. Achimwene anga a ku Joni atawalipirira mayi ulendo wa Haji, ndine ndinawaperekeza kukayezetsa. Adokotala anati impso zawo n'zofooka chifukwa cha shuga. Anatsindika kuti ku Makka kumatentha koopsa, choncho azikamwa madzi pafupipafupi, ndipo asamamwe mankhwala opha ululu mwachisawawa.

Atatsala pang'ono kunyamuka, kunabwera azakhali, alongo awo a malemu bambo, amene anapitako kale ndipo ulendowu ankapitanso limodzi ndi mayi. Anati, "Alamu, kumeneko madzi muzikangonyowetsa kukhosi. Mukamwa ambiri udhu uzingoduka, swala idzakupitani muli pamzere wa kuchimbudzi." Udhu ndi kusamba kodziyeretsa tisanayambe swala, pemphero lathu, ndipo umaduka munthu akapita kuchimbudzi. Anawapatsanso mapilisi opha ululu wa miyendo ogula pagolosale. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Ndinamva zonse, koma ndinangoweramitsa mutu. Mwana ngati ine ndikanawatsutsa bwanji a Hajati, munthu woti anachita kale Haji?

Mayi anamvera alamu awo. Anayenda padzuwa ndi ludzu, akumeza mapilisi aja, mpaka mkodzo unasiya kutuluka ndipo anakomoka. Anagonekedwa m'chipatala komweko. Kumudzi anabwera atatupa miyendo ndi nkhope.

Pano ndimapita nawo ku Blantyre kumakina osefa magazi. Chowawa n'chakuti tsopano madokotala awaletsa kumwa madzi ambiri. Amandiyang'ana milomo itauma, amvekere, "Mwanawe, pang'ono pokha," ine n'kuwabisira kapu. Azakhali sanabwereko ndi kamodzi komwe, amangoti ndi chifuniro cha Mulungu.

Chaka chino amayi okonzekera Haji anaitana azakhaliwo kumzikiti kuti akawalangize. Atangoyamba za madzi zija, ndinaimirira mwana ali kumbuyo, n'kufotokoza zonse osabisa dzina. Azakhali anatuluka ataphimba nkhope ndi mpango. Atuma anthu kuti ndikapepese. Ndawayankha kuti abwere adzawamane madzi mayi tsiku limodzi lokha, zopepesazo tikambirane pambuyo pake. Kulikonse kumene akalangize, akandipeza nditakhala kutsogolo.

Inu amene kholo lanu likupita ku Haji, musakhale chete ngati ine. Mawu a dokotala anenani mokweza, ngakhale pamaso pa akuluakulu. Udhu ukaduka munthu amapanganso wina, koma impso za mayi anga sizidzabwereranso.