A Melitón ndi DNA Yopotera Kumanzere

Amene amati a Melitón Zeballos ntchito yawo ndi yongodinadina kompyuta abwere adzanene pamaso pawo, tiwone ngati akabwerere kwawo ndi mano onse. Bambowa analowa mu labotale ya payunivesite kuno ku Arequipa ngati wotsuka mabotolo, sukulu atasiyira panjira. Kompyuta anaiphunzira okha, masana, madokotala akapita kukadya. Pano zaka zapitirira makumi awiri.

Ophunzira amawabweretsera mndandanda wa zilembo papepala, za puloteni kapena za DNA. Iwo amazilowetsa chimodzichimodzi, chala chili papepalapo, mpaka chinthucho chitaimirira pa sikirini, chopotana bwinobwino, choti ungachitembenuze n'kuchiwona kumsana. Zithunzi zawo zadzaza mabuku a anthu. Dzina lawo? Kumapeto, pamzere wothokoza, limodzi ndi amene anabwereketsa galimoto.

Chaka chino Dokotala Yrene Paucar, mkulu wa labotaleyo, ankafufuza kapuloteni ka pakhungu la chule wa m'mapiri, kamene kamakakamira pa DNA ya tizilombo. A Melitón anatha miyezi inayi akukamanga pakompyuta. Dokotala anawalonjeza kuti m'buku la msonkhano wa ku Lima dzina lawo lidzakhala pakati pa olemba, lachinayi, ndipo chithunzi cha kapuloteniko chidzakhala pachikuto. A Melitón anauza mkazi wawo, alamu awo, ngakhale wometa.

Mabuku atabwera Lachitatu, mazana anayi, a Melitón anatola limodzi nkhope n'kugwa. Wokonza chikuto, pofuna malo olembapo mutu, anatembenuza chithunzi ngati pagalasi. Koma DNA imeneyi imapotera kumanja, ngati sikuluwu wa pachitseko. Yapachikutoyo inkapotera kumanzere, kapuloteni nako kali chagada. Chinthu chotere sichikhala mwa chule aliyense. Pansi pake, dzina lawo.

Analowa mu ofesi osagogoda.

"Adokotala, chinyama ichi mwachitola kuti?"

Dokotala anayang'anitsitsa, kenaka n'kugwira mutu. Si munthu woipa mayiyu, anali atangotopa. Anati basi yopita ku Lima inyamuka Loweruka, osindikiza sangabwereze, ndipo anthu amangowona mitundu yokongolayo.

"Madala, khalani pansi kaye. Adzayang'ane ndani?"

"Ine ndayang'ana kale."

A Melitón anawauza kuti ngati mabuku ati apite choncho, atenge cholembera afute dzina lawo m'mabuku onse, chifukwa sangalole kuti ku Lima akaseke n'kumati taonani wotsuka mabotolo uja. Dokotala anati asachite zachibwana, adikira zaka zingati? A Melitón anayankha kuti zakazo amazidziwa kuposa iwo, sakufuna wowawerengera. Mawu awo ankamveka mpaka kumakwerero.

A Melitón anabwerera pakompyuta yawo. Anazunguliza chinthucho mwa njira yake, pang'onopang'ono, mpaka kapuloteni kanafika mbali ija ankaifuna wokonza chikuto, DNA ikupoterabe kumanja. Ntchito ya mphindi khumi, akanangowafunsa! Anasindikiza zithunzi mazana anayi pamakina a mu ofesi, n'kutenga sizasi ndi guluu.

Lachinayi lonse anakhala akudula zithunzizo ndi kumata pazikuto, akutukwana wokonza chikuto ndi agogo ake omwe. Palibe analimba mtima kuwapatsa moni. Pofika madzulo anali atangomata zana limodzi ndi theka, msana ukuwawa, ndipo anadziwa kuti okha samaliza.

Lachisanu m'mawa anapeza Dokotala atakhala kale patebulopo, malaya atapinda, guluu kumanja. Sanalankhulane za dzana. Anamata mpaka dzuwa kupendeka, wina uku wina uko, ndipo cholembera palibe anachitchula.

Asanatseke makatoni, a Melitón anayendera mulu wa Dokotala buku ndi buku. Makumi atatu anali opendama.

"Mayi, manja amenewa ndi aja munatengera udokotala?"

Anawamatula n'kumatanso, mwiniwake akuwagwirira guluu. Buku limodzi a Melitón analowetsa m'chikwama chawo.